Diso Lamanzere la Endale

Ine ndi Asnake tagwira ntchito moyandikana muno mu Gondar zaka zoposa makumi atatu, ndipo chotilekanitsa ndi lata limodzi lokha. Iye akayetsemula kwake, ine ndimayankha ndili kwanga. Iye ndi wojambula, ine ndine kalipentala, ndipo mafelemu onse a zithunzi zake amatuluka m'manja mwangamu. Anthu akabwera kudzatenga chithunzi amalira, amamupsompsona Asnake paphewa, amamudalitsa iye ndi ana ake mpaka zidzukulu zimene sizinabadwe. Koma felemu palibe amene amaliona. Ndinadandaula zaka khumi zoyambirira, kenako ndinatopa.

"Adugna," amatero iyeyo, "felemu labwino ndi limene silioneka."

"Ndiye tsiku lina ndidzakupangira losaoneka lenileni, tidzaone ngati kansalu kakoko kadzaime kokha."

Umu ndi mmene timapatsirana moni m'mawa uliwonse, ndipo tonse timakhutira nawo.

Asnake anabadwira kumapiri, mwana wachisanu ndi chimodzi wa mlimi wa balere. Atamupatsa mbuzi kuti azidyetsa, mbuzizo zinkalowa m'minda ya eni iye ali kalikiliki kujambula ndi khala pamwala. Bambo ake atatopa ndi milandu anati mwana wotere ngwa Mulungu basi, n'kumupereka kusukulu ya tchalitchi. Kumeneko anakula monga amakulira ana onse a sukulu zimenezi: kuloweza masalimo, kupempha zotsala za injera, buledi wathu wa tsiku ndi tsiku, khomo ndi khomo, ndi kuthamangitsidwa ndi agalu a m'mudzi monse. Mpaka lero galu akamuuwa, Asnake amaima n'kumuyankhula mwaulemu ngati akuyankhula ndi mkulu wa apolisi.

Wansembe wina wokalamba, amene manja anali atayamba kunjenjemera, ndiye anamuphunzitsa ntchito. Anamuonetsa kukonza nsalu ya thonje ndi njereza, kupera dothi lofiira ndi lachikasu, kutenga utoto wakuda ku mwaye wa nyali. Anamuphunzitsanso lamulo limene kuno ngakhale mwana wosatha kupukuta mamina amalidziwa: munthu wabwino amajambulidwa akukuyang'ana, maso onse awiri poyera, koma woipa amajambulidwa cham'mbali, tsaya limodzi, diso limodzi. M'tchalitchi angelo amakuyang'ana ndi maso aakulu awiri, pomwe Yudasi ndi asilikali amene anakhomera Ambuye pamtanda umangowaona mbali imodzi, kuti diso lawo lisakumane ndi lako.

Anafika m'tauni muno ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, maburashi atatu m'thumba, akuganiza kuti azijambula oyera mtima moyo wake wonse. Anafika nthawi yoipa. Boma la asilikali linali litayamba kusaka ana asukulu amene ankalitsutsa. Ankawatenga m'nyumba, m'makalasi, pamsewu, ndipo ambiri sanabwerere. Makolo analetsedwa kulira maliro kapena kuvala zakuda. Ife amene tinatsala sitinatsale chifukwa cha nzeru kapena kulimba mtima, tinangokhala chete.

Akuluakulu a m'dera lathu atamva kuti kwabwera wojambula, anamuitana n'kumupatsa zitini za penti. Anamulamula kujambula pamakoma ndi pazikwangwani: alimi ndi antchito atakweza zibakera, akuyang'ana kutsogolo, ndipo pakona adani a boma, anyamata a tsitsi lalitali atanyamula mabuku, cham'mbali. Sipanafunike kulemba mawu pansi pake. Ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga ankamva zimene khoma likunena za mdzukulu wake. Asnake anajambula. Ine sindingamuloze chala, chifukwa zikwangwanizo ndinkakhoma ndine, ndipo makwerero ake ndinkagwira ndine.

Boma lija litagwa, amayi anayamba kutulutsa zithunzi zimene anabisa, china m'buku la masalimo, china pansi pa dengu la tirigu, china chosokeredwa m'pilo. Tinali tizithunzi ta kamera tating'ono ngati bokosi la machesi, tina titadyeka ndi chinyezi. Mayi woyamba anabwera nako mwamanyazi, kufunsa ngati Asnake angamukulitsire mwana wake pansalu kuti azioneka ali pakhoma. Asnake anamujambula mnyamatayo monga amajambulira oyera mtima, akuyang'ana kutsogolo, maso onse awiri. Mayiyo anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina, ndipo lero mukalowa m'nyumba zambiri za kuno mupeza ana amenewa ali pakhoma, pambali pa Mariya. Ine ndinasiya kuwerenga mafelemu atapitirira zana.

Musaganize kuti ndi munthu wa nkhope yamaliro. Amajambulanso ng'ombe zonenepa pazitseko za ogulitsa nyama, ndi mitu yometedwa bwino pamakomo a ometa tsitsi, pakuti m'mimba simudziwa za oyera mtima. Amaimba nyimbo za tchalitchi akugwira ntchito, ndi mawu oti ngakhale mbuzi ingachite nawo manyazi. Masana mkazi wake Zenebech amabwera ndi chakudya cha anthu awiri ngakhale amadziwa kuti ine ndili nako kwathu, ndipo timadyera mbale imodzi tikukangana. Kamodzi kokha ndinamufunsa ngati amajambula ana ajawa pofuna kufafaniza za pamakoma zija. Anati, "Zija sizifafanizika. Koma manja ndi omwewa, ndiye azigwirabe ntchito." Sitinakambenso nkhaniyo.

Ali ndi lamulo lake limodzi limene limatopetsa anthu: sajambula chimene sanachione, kapena kuchimva kwa munthu amene anachiona ndi maso ake. Mayi akanena kuti mwana wake anali ndi mphuno yowongoka, Asnake amaitanitsa azakhali kuti adzachitire umboni. Amati chikondi chimawongola mphuno.

Lamulo limeneli ndi limene linatizunguza mutu chaka chimene Emama Tiruwork anabwera. Emama, monga timaitanira mayi wachikulire kuno, amagulitsa tsabola wosinja pamsika waukulu, ndipo lilime lawo limawawa kuposa malonda awo. Pamenepo anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Analowa m'mawa wina, nyengo ya mvula itangotha, anakana mpando, n'kuyamba kumasula mfundo ya pakona pa nsalu yawo yoyera.

"Asnake mwana wanga, akuti umadzutsa akufa."

"Ayi Emama, wodzutsa akufa ali kumwambaku. Ine ndimangowasambitsa kumaso."

"Pakamwa ndiye uli napo. Taona ichi."

Chinali chithunzi cha paukwati. Akwati anali pakati, anthu unyinji kumbuyo, ndipo kumapeto kwenikweni kunali mnyamata wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsitsi lalitali. Pamene wojambula ankadina kamera, iye anali atatembenukira kumanzere, akuseka ndi munthu wina amene sanalowe m'chithunzimo. Kunkaoneka tsaya lamanja, khutu lamanja ndi diso limodzi. Ameneyo anali Endale, mwana wawo woyamba. Zithunzi zake zina zonse Emama anaziwotcha okha masiku amene asilikali ankasecha m'nyumba, ndipo ichi chinapulumuka chifukwa chinali kwa achibale kumudzi.

Ine, poti pakamwa panga sipadikira mutu, ndinasuzumira pamwamba pa lata lija n'kunena kuti, "Koma Emama, chikuoneka bwinobwino chimenechi. Ndikupangireni kafelemu mungochipachika."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiwe wa matabwa uja?"

"Eya, Emama."

"Zikuoneka. Ndimupachike cham'mbali ngati Yudasi? Boma linamutcha mdani, ndiye ine mayi ake ndivomereze pakhoma langa lomwe?"

Ndinabwezera mutu kwanga, koma makutu ndinawasiya pa lata. Emama anakhala pampando umene anaukana uja, ndipo mawu awo anatsika. Anati papita zaka makumi atatu chimutengereni Endale, thupi lake sanalione, ndipo mwambo wa maliro umene anawaletsa akufuna kuuchita tsopano akadali ndi mphamvu. Ansembe anali atawauza kale, tsiku linali litakhazikitsidwa, kutatsala masabata asanu. Ankafuna kuti patsikulo mwana wawo adzakhale pakati pa anthu, akuwayang'ana.

"Koma chachikulu si chimenecho," anatero. "Chithunzi ichi ndachiyang'ana zaka zonsezi, ndipo chandidyera nkhope ya mwana wanga. Ndikatsinzina amabwera ndithu, koma amabwera atayang'ana kumbali, monga alili apamu. Kumaloto ndimamuitana, satembenuka. Ndinamuyamwitsa ndine, koma mbali inayo yandithawa. Ndikufuna ndimuone ndisanafe, chifukwa ndikuopa kuti kumeneko ndikamudutsa osamudziwa."

Asnake anafunsa za abale. Bambo a Endale anamwalira kalekale. Mlongo wake anali ndi zaka zinayi pamene zinkachitika, ndipo sankakumbuka kanthu. Achibale a kumudzi ankamuona kamodzi pachaka. Emama atachoka, Asnake anakhala tsiku lonse kachithunziko kali m'manja, ndipo sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi.

Nzeru ya kalilole inali yanga, ndivomere. Ndinamuuza kuti nkhope ili ngati kabati ya zitseko ziwiri, ukapanga chimodzi chinacho umangotengera. Aike kalilole pambali pa chithunzicho, mbali yamanja imupatse yamanzere, ntchito yatha.

"Munthu si kabati, Adugna."

"Ndiye khala pomwepo, tsiku lifike nsalu ili mbee."

Anakana sabata yathunthu. Masiku atayamba kuthamanga, anaphwanya lamulo lake koyamba m'moyo wake, n'kubwereka kalilole wa Zenebech. Chithunzi chinatuluka chokongola, ndipo ine ndinayenda tsiku limenelo chifuwa chili patsogolo. Tinawaitana Emama. Anaimirira patsogolo pake kanthawi, mutu uli chopendekeka.

"Mwana wa ndani ameneyu?" anafunsa. "Ngwooneka bwino ndithu. Mumupezere mkazi."

Anakoka nsalu yawo kumutu n'kutuluka, ndipo ndinaona kuti pakhomo anagwira khoma kaye asanatsike sitepe. Zinandipweteka kuposa mmene akanandipwetekera akanatitukwana. Asnake anatenga njereza n'kupaka nsalu yonse, ndipo masiku awiri sanandiyankhe ngakhale ndiyetsemule chotani.

Tsiku lachitatu anagogoda pa lata. "Vala nsapato. Wawononga ndiwe, uyenda nane ndiwe."

Tinayamba ndi wometa tsitsi wakale wa m'dera la Emama, poganiza kuti wometa amadziwa mutu mbali zonse. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati anyamata a nthawi imeneyo akanakhala kuti ankabwera kudzameta, bwenzi iye ali ndi nyumba ya njerwa. Kenako tinapita kwa mphunzitsi wa Endale, wopuma ntchito, amene tinamupeza akuwothera dzuwa pakhonde. Dzina analikumbuka nthawi yomweyo, ndipo anapukusa mutu akumwetulira.

"Koma nkhope ndinganame," anatero. "Ndinali ndi ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi, onse ndinkawaonera kutali. Endale ankakhala kukhoma, khomalo lili kumanja kwake. Amene ankakhala kumanzere kwake, benchi limodzi zaka zinayi, ndiye angakuuzeni za mbali imeneyo." Anasiya kumwetulira. "Mukumudziwa. Ndi Wassie wa mawotchi."

Tinkamudziwa, ndipo nkhani yake tauni yonse imaidziwa. Wassie ndiye anayamba kugwidwa, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anamumenya kunsi kwa mapazi masiku asanu ndi anayi kuti atchule anzake, ndipo tsiku lomaliza anatchula dzina limodzi. M'mawa mwake asilikali anapita kukamutenga Endale. Wassie anatuluka m'ndende patatha zaka zinayi, akuyendera m'mbali mwa mapazi ndi ndodo, ndipo amayenda choncho mpaka lero. Anatsegula kaokala kokonzera mawotchi pafupi ndi siteshoni ya basi. Njira yachidule yochokera kwawo imadutsa pakhomo pa Emama Tiruwork, koma iye zaka zonsezi wakhala akuzungulira njira yakutali, ndi mapazi amenewo.

Ine ndinati tipite mwakachetechete, Emama asadziwe. Asnake anati wanama kamodzi ndi kalilole, zakwana. Tinawapeza pamsika akupima tsabola ndi chitini, ndipo Asnake anawauza zonse ataimirira, chipewa chili m'manja.

Emama sanakweze mutu. "Dzina limenelo usalitchulenso pamalonda anga, lindiwonongera tsabola." Anathira m'pepala, anapinda, anapereka kwa wogula. "Pita kumene ukufuna, ngakhale kwa Satana, bola undibweretsere mwana wanga. Koma ine ndisamve."

Wassie tinamupeza masana, kagalasi kali padiso, akutokosa m'mimba mwa wotchi. Ndi munthu wowonda, wa imvi zofulumira, woyankhula motsitsa. Asnake sanazungulire. Anaika chithunzi cha ukwati chija pathebulo n'kunena chimene tabwerera. Wassie anachotsa kagalasi kaja pang'onopang'ono.

"Emama akudziwa kuti mwabwera kuno, Gashe Asnake?" Gashe ndi mmene kuno timaitanira mwaulemu mwamuna wamkulu.

"Akudziwa."

"Anati chiyani?"

"Anati tisatchule dzina lako."

"Akunena zoona." Anakokera chithunzicho pafupi, koma sanachikhudze pankhope. Analoza m'mphepete, pamene pepala linathera. "Apa ankaseka ndi ine. Ndinaima apa. Ndinamuuza kuti mkwatiyu nsapato zake nzobwereka."

Mawotchi anali tiki tiki m'makoma onse. Kenako anati, "Ine nkhope imeneyi ndimaiona tsiku lililonse, Gashe. Ndikaweramira wotchi imakhala apa, kumanja kwangaku, monga m'kalasi. Ndinkayesa kuti ndi chilango changa. Sindinkadziwa kuti pali munthu amene akuisowa."

Kuyambira mawa lake, ankatseka kaokala kake masana n'kubwera kwa Asnake. Zenebech anayamba kubweretsa chakudya cha anthu atatu osafunsa kanthu. Tsiku loyamba Wassie anakhala pakhomo penipeni, ndodo ili pamiyendo, ngati munthu woyembekeza kuthamangitsidwa. Asnake ankajambula ndi khala, iye n'kumakonza. Munthu wa mawotchi ali ndi diso loopsa. Khutu lamanzere linali lotuluka pang'ono kuposa linzake. Pansidze yamanzere panali kachipsera kogawa tsitsi pakati, kamene Endale anakapeza pa masewero a ndodo a pa Khirisimasi. Akamaseka, mlomo unkakwera mbali imodzi.

"Tsitsani pang'ono, Gashe. Ayi, mwatsitsa kwambiri. Bwezani theka la pamenepo."

"Iwe, ili ndi khala, si singano ya wotchi."

"Pepani Gashe. Koma bwezani."

Ine ndinkamvera ndili kwanga, ndikusangalala kuti Asnake wapeza womuvutitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo awiriwa anadekha masiku asanu ndi limodzi mpaka anafika padiso lenilenilo. Pamenepo ndiye panabuka mkangano. Asnake anajambula diso lamanzere monga anaphunzirira kwa wansembe uja, lalikulu, lotseguka, lofatsa, lofanana ndi linzake. Ana onse oposa zana aja anawapatsa maso otero. Wassie analiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Si limeneli."

"Maso a munthu wosalakwa amajambulidwa chonchi. Anandiphunzitsa choncho, ndipo amene anandiphunzitsayo anaphunzitsidwa choncho."

"Wosalakwa anali wosalakwa, Gashe, koma Endale sanali mngelo. Diso ili linkachepa. Akafuna kuchita zopulupudza linkatsinzinira pang'ono chonchi, linalo lili lotseguka bwinobwino ngati la mwana wabwino. Aphunzitsi ankaona lamanja, ine ndinkaona lamanzere. Ndikangoliona latero, ndinkadziwa kuti lero tikwapulidwa tonse awiri."

"Ndiye ndijambule munthu wakufa akutsinzinira anthu pamaliro ake? Ansembe adzati chiyani?"

"Tsiku lina anamangirira nsalu ya aphunzitsi kumpando, iwo akulemba m'kaundula. Atadzuka, mpando unawatsatira mpaka pabolodi." Wassie anayamba kuseka. Ndinali ndisanamvepo kuseka kwake, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso kunamudabwitsa, chifukwa anagwira pakamwa. Koma kunakana kubwerera. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Asnake anamusiya, akunamizira kusakaniza utoto.

Madzulo a tsikulo Asnake anabwera kwanga n'kukhala pa thabwa langa labwino osapempha. Anati wakhala akujambula ana onsewa ngati oyera mtima poganiza kuti akuwalemekeza, ndipo tsopano sakudziwa kuti ndi angati amene anali ndi diso ngati la Endale iye n'kuliwongola. Ndinamuuza kuti amayi awo analira ndi chimwemwe, ndipo zimenezo sizinali zabodza. Ndinamuuzanso kuti achoke pa thabwa langa. M'mawa mwake ndinamumva akuimba, ndipo ndinadziwa kuti wagonja. Anajambula disolo monga ananenera Wassie.

Tsiku lomaliza Wassie anaima patsogolo pa nsalu atatsamira ndodo, anayang'ana kanthawi, n'kungonena kuti, "Ndi yemweyo." Anapempha kuti Emama akamadzabwera iye asadzakhalepo, kuti asawawonongere tsiku lawo. Anatigwira chanza ndi manja awiri n'kubwerera kumawotchi ake.

Ine ndinasankha thabwa la mtengo wa wanza limene ndinkasungira kabati ya mwana wanga wamkazi, ndinalipala, ndinalikwecha mpaka kusalala ngati mwala wa mumtsinje. Kutatsala masiku atatu kuti mwambo uchitike, tinatuma uthenga kumsika. Emama anafika m'mawa, m'manja muli mofiira ndi tsabola. Sanapereke moni wautali.

"Ngati mwandipangiranso mkamwini, ndiuziretu ndibwerere."

Asnake anayandikira chithunzicho. Anachotsa nsalu yophimbira. Tinkaopa ansembe, koma kwambiri tinkaopa kuti gogoyu agwiranso khoma potuluka.

Emama anayandikira mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza utoto. Anayang'ana khutu, anayang'ana mlomo. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, anagwira m'chiuno ndi manja onse, ndipo nkhope yawo inasintha. Inakhala ya mayi amene wapeza shuga watha m'chitini ana ali chete.

"Iwe!" anakuwa. "Diso limenelo ndalidziwa. Wapalamulanso chiyani?"

Atamva mawu awo omwe, anagwira pakamwa. Ine ndinakankhira mpando kumbuyo kwawo. Anakhala pamenepo akuseka ndi kulira nthawi imodzi, akudziguguda pachifuwa pang'onopang'ono.

"Watembenuka," ankatero. "Asnake, watembenuka. Taonani kachipseraka! Ndinamutsuka ndine ndi madzi amchere, akukuwa ngati akumupha. Ndinaiwala bwanji? Ine mayi ake ndinaiwala bwanji?"

Asnake anayang'ana kudenga, ine ndinapeza kuti utuchi wandilowa m'maso. Ndinali wokondwa kuposa tsiku limene ndinakwatira, ndipo mkazi wanga ndinamuuza zimenezi, anandikhululukira.

Patapita nthawi Emama anapukuta kumaso ndi nsalu yawo. Maso sanawachotse pa mwana wawo.

"Anakuuzaninso chiyani?"

"Za nsalu ya aphunzitsi, Emama, imene anaimangirira kumpando."

"Imeneyo sindikuidziwa."

"Ifenso tamva zochepa. Tinkafunsa za nkhope yokha. Koma anakhala naye benchi limodzi zaka zinayi, ndipo zikuoneka kuti sanataye tsiku ndi limodzi lomwe."

"Zaka zinayi," anatero Emama. Ankapotokola mfundo ya pakona pa nsalu yawo. Panja panadutsa wogulitsa makala akuitanira malonda, anafika kumapeto kwa msewu, mawu ake anazimirira. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa matabwa, waimiranji pamenepo? Kamuitane Wassie."

Ndinali nditafika kale pakhomo pamene anandiitananso.

"Umutengere ngolo ya hatchi. Asabwere wapansi."